Mpando Wachisanu ndi Chimodzi

Lamulungu, 19 Okutobala

Matimu akale mu ligi: 8
Matimu atsopano chaka chino: 2
Mipando pa timu iliyonse: osewera 5, wodikirira 1, pamodzi 6
Amene timu yakale iliyonse inaloledwa kuwateteza: 3
Osiyidwa poyera kuti matimu atsopano asankhepo: 8 × 3 = 24
Makapu anga a tiyi mu Juni: 12
Makapu amene atsala: 9
Mafoni anu amene sindinayankhe kuyambira Lachisanu: 5

Okondedwa apongozi anga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndipo chifuwa chija munkadandaula chinakusiyani. Ife kuno tilipo. Nambala yomaliza pamwambapa ndi imene yandikhazika patebulo lero. Foni inalira kasanu ine ndili pafupi, ndipo kasanu konse ndinangoiyang'ana mpaka inatopa yokha. Si mwano ayi. Mwaona mndandanda wa timu ya Achikasu umene unatuluka Lachisanu masana, mwaona kuti dzina la mwana wanu palibe, ndipo mukufuna kudziwa chifukwa chake. Muyenera kudziwa. Koma pa foni ine ndimayambira pakati, pamene nkhaniyi ikufunika kuyambira poyamba.

Mundikhululukire ndikabwereza zimene mukuzidziwa kale. Zaka zitatu zimene mwakhala kutali, ine ndi amene ndakhala ndikumva phokoso la masewerawa kuseri kwa khoma, ndipo ndawaphunzira monga munthu amaphunzirira chiyankhulo cha aneba. Amasewera pa kompyuta, asanu mbali iyi, asanu mbali inayo, aliyense ndi ntchito yake. Wina amatchinga anzake, wina amatsogolera njira. Mtsikana wanuyu ntchito yake ndi kulasa ali patali, nchifukwa chake anzake amamutcha Mavu, ndipo nanenso masiku ano ndimapezeka ndamuitana choncho. Ntchito yonseyo ili pa dzanja lamanja, pa zala zimene zimagwira kachipangizo kaja amati mausi.

Ligi itawonjezera matimu awiri, Achikasu ndi Abuluu, inalamula kuti timu yakale iliyonse iteteze osewera atatu, enawo akhale poyera. Matimu atsopanowo asankhemo asanu asanu, ndipo wachisanu ndi chimodzi, wodikirira uja, amupeze okha kulikonse pasanafike Lachisanu pa 12 koloko masana. Ikakwana nthawi imeneyo mndandanda umatsekedwa mpaka Januwale.

Loweruka lija la pa 11 ine ndi mwanayu tinaonera limodzi kusankhako pabalaza. Achikasu ndi amene anayamba, ndipo dzina loyamba kutuluka pakamwa pawo linali la Mavu. Mukukumbukira, chifukwa munaimba nthawi yomweyo, mukukuwa ngati muli m'chipinda chomwecho, nkunena kuti mukagula malaya achikasu muziwavala ku ntchito. Nanenso ndinaseka. Koma ndikutsuka mbale mutu wanga unayamba ntchito yake. Olasa mu ligi analipo asanu ndi atatu, ndipo chaka chatha mwanayu anali wachiwiri. Timu yake yakale inali ndi malo atatu otetezera anthu, iye nkumusiya panja. Palibe wogulitsa amene amatseka sitolo katundu wake wabwino ali pakhonde.

Mukudziwa kuti ndinakhala zaka makumi atatu ndi zinayi pazenera logawira mankhwala. Lamulo langa linali limodzi: usapereke usanawerenge katatu, ndipo usatsegule pakamwa kunena munthu mpaka mawerengedwe atatu osiyana agwirizane. Lamulo limeneli linandifikitsa pa penshoni popanda wondiloza chala. Ndikulitchula pano chifukwa mulifuna kutsogoloku.

Kuwerenga koyamba kunali kwa makapu, Lamulungu. Atatu aphwanyika kuyambira mu Juni, onse m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo nthawi zonse yankho linali lakuti, "Sopo wanuyu amaterera, agogo." Sopo ndi yemweyo amene ndagula zaka zonsezi.

Lolemba ndinapita kokopetsa mapepala pakona paja, ndinawauza andisindikizire malamulo onse a ligi pamodzi ndi mndandanda wa matimu awiri atsopanowo. Ine za pa foni sindizikhulupirira, zimasintha ukuziyang'ana. Ndinawerenga mapepalawo ndi rula, mzere ndi mzere, ndipo ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, wosewera amene sanakwane zaka 18 sangalowe pamndandanda womuyang'anira asanasaine kuti palibe vuto la m'thupi limene iye akulidziwa. Zikadziwika kuti anabisa, wosewerayo amaletsedwa chaka chathunthu. Womuyang'anira ndi ine, monga munalembera mukuchoka. Chachiwiri, wosewera wovulala akhoza kulembedwa pa mpando wodikirira nkuchira ali m'timu. Pa pepala la Achikasu, mpando umenewo unalibe dzina.

Kuwerenga kwachiwiri kunali Lachiwiri. Mapilisi anga a maondo ndinatenga 60 pa 1 mwezi uno, ndipo ndimamwa limodzi patsiku. Anayenera kutsala 46. Ndinawathira pa mbale ndipo ndinapeza 22. Mankhwala amenewo ndikuwadziwa bwino zimene amachita m'mimba mwa munthu wowamwa awiriawiri.

Apongozi, tsiku limenelo ndinali nditadziwa. Koma ziwiri si zitatu. Ndinadziuza kuti mwina ndinabwereketsako mayi wa pakhomo loyandikana nkuiwala, ngakhale sindinaiwalepo chinthu choterocho. Lachitatu mwanayu anaswera ku nyumba ya timu, anabwera atatopa koma akumwetulira, akundiuza za mpando wake watsopano umene ukununkhabe pulasitiki. Ndinamusiya adye.

Lachinayi m'mawa, asanatuluke, ndinatenga singano ndi ulusi. Kuyambira ali wamng'ono iye ndi amene amandilowetsera ulusi, ndipo ankachita kamodzi kokha akuyang'ana kumbali, podzionetsera.

"Agogo, mugule magalasi ena. Ine tsopano ndine munthu wa kontrakiti," anatero.

"Wa kontrakiti mawa. Lero ndiwe mdzukulu wanga. Gwira."

Anagwira ulusi ndi dzanja lamanja. Unamupulumuka. Anautola, unamupulumukanso, iye osadziwa kuti wagwa mpaka atayang'ana. Kenako anasinthira kumanzere, nkuseka.

"Ulusi wake wotchipa uwu."

"Zala zingati?" ndinafunsa.

"Zisanu, ngati za wina aliyense."

"Zimene sizikumva."

Anaika singano patebulo pang'onopang'ono. "Zitatu. Si nthawi zonse. Zimachita dzanzi, kenako zimabwerera."

"A ku timu yakale aja akudziwa?"

"Kochi wake anandiona ndikukutumula dzanja pakati pa gemu. Sanafunse. Anangondisiya panja." Anandiyang'ana. "Mwawerenga mapilisi eti?"

"Ndawerenga."

"Inu mukhoza kuwerenga ndi mpweya womwe wa m'nyumba muno."

Ndiye anayamba kulankhula, ndipo ndikuuzeni, mwana wanu si wopusa. Anati mu ligi monse palibe amene china chake sichikumuwawa, wina khosi, wina msana. Anati masewerawa munthu akafika zaka 25 amamutcha agogo, ndipo timu yatsopano siibadwa chaka chilichonse. Anati iye wasankhidwa woyamba mwa anthu 24, ndipo akangosewera mpaka Januwale dzina lake likhala litakhazikika, adzapuma pambuyo pake. "Pakanangodutsa miyezi iwiri ndikanasaina ndekha, agogo. Miyezi iwiri yokha. Inu mungolemba dzina lanu, zotsalazo ndi dzanja langa."

Ndinatulutsa mapepala anga ndi kumuonetsa mzere umene ndinaudula ndi pensulo. Ndinamuuza kuti sataya timu. Tikanena zoona, amuika pa mpando wodikirira, apeza wolasa wina wa miyezi itatu, iye achira, abwerera.

"Mpando umenewo ndi wa munthu wotengera anzake madzi," anatero.

"Wotengera madzi ali ndi manja awiri."

Tinakokana mpaka tiyi anazizira. Analira pang'ono, mokwiya, akupukuta misozi ndi kumanzere. Pomaliza anatenga foni yake nati, "Chabwino. Ndiwaimbire a kochi a Achikasu panopa?"

Apa mpamene ndikufuna muwerenge mosathamanga. Ndinakana. Ndinati nkhani yaikulu siikambidwa pa foni ngati kuitanitsa makala. Ndinati mawa tili ndi nthawi yathu yokasaina, tikafika ndi pepala m'manja, tikakhala pansi, tikaonana maso ndi maso monga anthu. Anandiyang'ana, anakweza mapewa, nabweza foni m'thumba. Nthawi inali isanakwane 10 koloko m'mawa. Anatumiza uthenga kuti sapita ku timu tsiku limenelo chifukwa agogo akumufuna pakhomo, ndipo ine ndinasita diresi langa labuluu, mtima uli m'malo.

Lachisanu tinakwera basi. Anakhala kuzenera, foni ili kumanzere. Tisanafike pamphambano yaikulu ndinamva thupi lake likuuma pambali panga.

"Agogo, atenga munthu."

"Ndani?"

"Achikasu. Wodikirira. Alengeza m'mawa uno."

Ndinatsegula chikwama nkutulutsa pepala langa, ine munthu wophunzira, nkumulozera. "Apa palibe dzina."

"Pepala lanulo ndi la Lolemba."

Sananene mokweza. Kondakitala anali akukangana ndi bambo wina za chenji, mwana wina akulira kumbuyo, ndipo ine ndinangoyang'ana malo opanda kanthu aja ngati angandiyankhe. Ndinafunsa ngati watsopanoyo ndi wolasa, kuti mwina angosinthana mipando. Anapukusa mutu. Ndi wotchinga. Mfuti yakutali sanaigwirepo.

Titatsika, tikuyenda m'mbali mwa mpanda, anati, "Ndiye musaina." Silinali funso. Sindinayankhe, ndipo iye anatenga kusayankhako ngati kuvomera. Mwina nanenso ndinakutenga choncho.

Nyumba ya timu ndi yatsopano, ikununkhabe penti. M'chipinda chachikulu muli makompyuta asanu pamzere umodzi, ndi mpando wina pakona pafupi ndi firiji. Pa mpando uliwonse panali malaya achikasu ali m'pulasitiki, dzina kumsana. Ake anali pa mpando wachiwiri kuchokera kuzenera. Anzake anayi anali m'khitchini, anamukuwira moni, iye anawakwezera dzanja lamanzere.

Anatilowetsa mu ofesi yaing'ono ya galasi. Munali kochi, mnyamata wa msinkhu wanu amene osewera amamutcha a Chipewa chifukwa sachivula, ndi mayi wina woyang'anira mapepala a timu. Wotchi yapakhoma inali pa 11:10. Ena onse anali atasaina kale, ife tinali omaliza chifukwa cha ine.

"Agogo ake a Mavu," anatero kochi akundigwira dzanja ndi manja awiri. "Ndiye chisa chenicheni ndi inu. Tisamale polankhula."

"Ine ndinasiya kuluma, mano anatha," ndinayankha, ndipo onse anaseka.

"Anzathu aja anagona tulo tofa nato, agogo. Kusiya mwana ngati uyu panjira? Ine nditaona dzina lake poyera ndinaganiza kuti alakwitsa kulemba."

Mayi uja anaika pepala patsogolo panga nandilozera ndi chikhadabo. Ndinavala magalasi. Mawu ake anali omwe aja ndinawadula ndi pensulo kunyumba. Ndinawawerengabe.

"Ndi mwambo chabe, amayi," anatero. "Aliyense amasaina."

Ndinatenga cholembera. Apongozi, ndikanatha kukubisirani ichi, chifukwa pepalalo analing'amba ndipo palibe amene angakuuzeni. Ndinalemba chilembo choyamba cha dzina langa. Ndinachilemba bwino, monga ndimalembera nthawi zonse. M'mutu mwanga ndinali nditawerengera kale: miyezi itatu yokha, mapilisi ndiziwagawa ine, ndizimumanga dzanja madzulo, palibe amene adzadziwe. Ndinali nditachedwetsa mwana, ndipo ndinkafuna kulipira kuchedwako ndi dzina langa.

Posafuna kutaya nthawi, mayi uja anapatsa Mavu pepala lake kuti azisaina limodzi nane. Anakhala kumanja kwanga. Sakanasainira kumanzere pamaso pa kochi, choncho anatenga cholembera ndi dzanja lamanja. Ndinaona m'mbali mwa magalasi. Anachifumbata ndi chibakera, ngati mwana wa kusukulu ya mkaka, chifukwa zala sizinkachimva. Dzanja lonse linkayenda kuchokera m'chigongono. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ine kulemba, patebulo limene ndikulemberapoli, chaka chija amayi ake anatisiya, ndipo zilembo zake ndimazidziwa kuposa zanga. Zimene zinkatuluka pa pepalalo sizinali zake.

Ndinadula chilembo changa ndi mzere umodzi, monga tinkachitira m'kaundula wa mankhwala tikalakwitsa.

"Cholembera chatha inki?" anafunsa mayi uja, akufufuza china m'kabati.

"Inki ilimo. Sindimaliza."

Kuseri kwa galasi wina anali akutsegula firiji. Mwana wanu sanadzutse mutu.

"Agogo," anatero chapansipansi.

"Pali chimene ndikuchidziwa," ndinauza kochi. "Koma mwini wake ndi uyu."

Ndinaganiza kuti akana, anena kuti agogo akalamba, asokonezeka. Akanatero sindikudziwa chimene ndikanachita. Wotchi inali pa 11:18. Anaika cholembera, anatambasula dzanja lake patebulo chagada, nati, "Ndi dzanjali, kochi. Zala zitatu. Kuyambira mu Juni."

A Chipewa anavula chipewa. Anamuuza atseke maso, namukhudza nsonga za zala ndi kumbuyo kwa cholembera, chimodzichimodzi, kuti azinena akamva. Chaching'ono anamva. Chotsatira anamva. Zinazo anangokhala chete akudikira, osadziwa kuti zakhudzidwa kale.

"Munadziwa liti, agogo?" anandifunsa.

"Lamulungu ndinakayikira. Lachiwiri ndinadziwa. Dzulo m'mawa ndinatsimikiza."

Anapukuta nkhope ndi chipewa chija. "Wodikirira tamusainitsa dzulo pa 4 koloko madzulo. Ndinangomutenga poti malo analipo. Mukanandiimbira dzulo m'mawa, mpando umenewo ndikanamusungira uyu, ngakhale mpaka chaka chamawa."

Mwana wanu sanandiyang'ane. Sananene kuti iye ananena dzulo kuti tiimbe. Ndikanakonda akananena.

Ndinafunsa ngati sangamuchotse watsopanoyo. Mayi uja anati dzina lake lalowa kale ku ligi, ndipo mnyamatayo wasiya ntchito yake dzulo lomwelo. Ndinafunsa ngati sangalembe anthu asanu ndi awiri. Ine amene ndinawerenga malamulo ndi rula ndinafunsa funso limenelo. Kochi anali akuyenda uku ndi uku, akutchula maina a olasa amene sanasankhidwe, mayi uja akumuyankha kuti uyu watengedwa ndi Abuluu, uyu ali kunja, uyu sayankha foni. Timu singalowe mu ligi yopanda wolasa, ndipo kunali kutatsala theka la ola.

"Imbirani Kadzidzi," anatero Mavu.

Onse anatembenuka.

"Tinkasewera limodzi kale. Sanasankhidwe, ali pakhomo, ndipo panopa akugona, ndiye muimbe kawiri. Amachedwa kuyamba koma saphonya. Musamuike kumanzere kwa mapu, amasochera." Anatsegula foni yake ndi chala chachikulu cha kumanzere nawerengera kochi nambala.

Kochi anaimba kawiri. Tili pomwepo tinamva mnyamata akudzuka kutulo, osakhulupirira, akufunsa ngati ndi nthabwala. Dzina lake linalowa pa 11:51. Kenako a Chipewa anatiperekeza mpaka pageti. Anauza mwanayu kuti apite kwa dokotala, ndipo mu Januwale mndandanda ukatsegulidwa adzamuyesa. "Sindikulonjeza kanthu," anatero. "Kadzidzi akasewera bwino, sindingamudzutse pa mpando." Mavu anati akudziwa, ndipo asewera bwino. Tikudutsa pa chipinda chachikulu, mayi uja anali atachotsa kale malaya aja pa mpando wachiwiri.

M'basi pobwerera sitinalankhule. Kunyumba analowa m'chipinda chake natseka chitseko, osamenyetsa. Zaka zitatu ndakhala ndikudandaula za phokoso la mabatani a kompyuta kuseri kwa khoma. Kuyambira Lachisanu kulibe, ndipo ndikupezeka ndaimitsa ntchito kuti ndimvetsere.

Dzulo tinapita kwa dokotala wa mafupa ndi mitsempha. Anapita chifukwa ndinaima pakhomo pake nditavala kale, osati chifukwa tinagwirizana. Dokotala akuti mtsempha wa pamkono ukupanikizika. Amumanga dzanja ndi kachitsulo, akuti asakhudze mausi masabata khumi ndi awiri, ndipo pakatha masabata anayi adzaona ngati pakufunika opaleshoni yaing'ono. Ndinamufunsa ngati zala zidzabwerera zonse. Anati nthawi zambiri zimabwerera. Ndinafunsa kuti nthawi zambiri ndi kangati pa khumi. Anandiyang'ana, nati, "Amayi, tiyeni tione." Mapilisi anga tsopano ali m'kabati yokiya.

Tsopano zopempha zanga.

Choyamba, opaleshoni ikafunika adzafuna chilolezo chanu. Pepala lake ndaliika m'envelopu momu. Muliwerenge, koma musalisunge nthawi yaitali monga ndikanachitira ine.

Chachiwiri, muimbireni mwana wanu. Musamufunse za mndandanda, ndipo musamukalipire za mapilisi, zimenezo ndathana nazo. Mumuuze kuti mwamva zimene anachita mu ofesi muja pa nkhani ya Kadzidzi. Ine ndikufuna kumuuza koma mawu anga panopa sakulowa. Malaya achikasu aja ngati mwagula kale, musamuuze. Asungeni.

Chachitatu ndi chovuta. Mukuchoka munandisiyira mwanayu chifukwa munati ine sindiphonya kanthu. Zakusamaliza dzina langa pa pepala lija sindikukufunsani maganizo. Ndaziwerenga mbali zonse ndipo yankho likutuluka lomwelo. Chimene sichikutuluka ndi Lachinayi m'mawa. Mwana anali ndi foni m'manja, mpando unalipo, ine ndinati dikira. Ngati mukuona kuti miyezi ikubwerayi akhale kwa achemwali anu, kumene sadzaona nkhope yanga m'mawa uliwonse, ndiuzeni mosazungulira. Ndimulongedzera ndekha, ndipo sindidzakusungirani kanthu mumtima. Ine ndili bwino. Nyumbayi si yaikulu, ndipo ndinazolowera kale kukhalamo ndekha.

Ndinayamba kalatayi m'mawa, ndipo ndinaimira pa chopempha chachitatucho chifukwa chitseko chake chinatseguka. Anali atasamba, atavala bulauzi yoyera ija munamutumizira, ya mabatani ang'onoang'ono. Ndi kachitsulo kaja sangathe kupinda dzanja, ndipo kumanzere kokha anali atalimbana nawo mpaka kuwalumphitsa. Anaima pafupi ndi tebulo akuyang'ana kukhoma.

"Agogo, mabataniwa."

Ndinaimirira. Ndinamasula amene anawalakwitsa nkuyambira pansi. Zala zanga nazonso sizilinso zachangu, ndipo sindinafulumire. Iye sanandifulumizitse. Nditafika pakhosi anayang'ana mapepalawa, anaona dzina lanu pa envelopu, koma sanafunse. Wapita kukaonera gemu yoyamba yoyeserera ya Achikasu kwa mnzake. Sananene kuti abwera nthawi yanji. Ndamusungira chakudya.

Mundiperekere moni kwa anzanu amene mumakhala nawo, makamaka bambo uja anakusamalirani mukudwala. Muzivala zofunda. Mwana wanu sanandipatse moni woti ndikupatsireni, ndipo sindilemba zimene sananene, koma bulauzi imene anasankha lero ndi yanu. Mukaimbanso, ndiyankha ikangolira koyamba.

Zimene zilipo lero ndi izi:

Mipando ya Achikasu: 6, yonse ili ndi eni ake
Masabata mpaka mndandanda utsegulidwe: 12
Zala zimene zikumva: 2
Zimene tikudikira: 3
Makapu: 9
Mawu amene wandilankhula kuyambira Lachisanu masana: 2
Mabatani a bulauzi: sindinawerenge

Ndine apongozi anu,

Agogo ake a Mavu